Maso Obwereka pa Chithunzi cha Mwana Wanga

Mwana wathu wachiwiri anamwalira ndi chikuku tili ku Kaporo, kumene amuna anga ankaphunzitsa. Chaka chimenecho mtsinje unasefukira, msewu wa kuchipatala unali matope okhaokha, ndipo pomwe tinkafika naye n'kuti atafooka kale. Tinamuika konko, pakati pa manda a eni dera, chifukwa kwathu ku Thyolo kunali kutali. Anali asanayambe n'kuyenda komwe.

Chithunzi chake chinali chimodzi chokha, chamitundu. Anatijambula munthu woyendayenda ndi kamera tsiku lina amayife tikuchokera kovina. Ndinakhala pampando nditavala nsalu yachipani, mwana ali pamiyendo. Mwanayo anagwedeza mutu pojambulapo, moti maso ake anangooneka ngati utsi. Madzi atalowa m'nyumba chithunzicho chinanyowa, mitundu n'kuyenderera.

Mayi anga anali asanamuonepo mdzukulu wawoyu, ndipo ankafunsabe kuti ankaoneka bwanji. Madzi ataphwa ndinatenga chithunzicho n'kukwera basi kupita ku boma, kwa bambo wina wachikulire amene ankajambula zithunzi kuseri kwa msika. Anali Mnkhonde, Chichewa chawo chinali chapang'onopang'ono, chosakaniza ndi Chiswahili. Anati akhoza kuchijambulanso kuti chikhale chakuda ndi choyera, popeza chotero chimabisa mathotho, kenako akulitse nkhope yokha n'kuikonza ndi pensulo.

Anachiyang'ana ndi galasi lawo. Nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yodindidwa pansalu yanga, inali itagundana ndi khutu la mwana. Kuti mwana atsale yekha, inayenera kupakidwa utoto.

"Mama, nkhope iyi sitiifufuta," anatero. "Anthu apita osabwerera pa nkhani zochepa kuposa iyi."

Sindinawachonderere. Ndinangokhala pabenchi. Anandifunsa kumene tinamuika mwanayo, ndinawauza. Anadzuka n'kutseka chitseko. Anati agwira ntchitoyo, koma ndisauze munthu, ngakhale woyandikana naye nyumba, ndipo chithunzi chamitunducho sadzandibwezera chifukwa adzayesera utoto pomwepo. Ndinavomera osaganiza.

Kenako anandifunsa za maso. Anali aakulu kapena aang'ono? Nsidze zinali zambiri? Ndinatsegula pakamwa koma ndinapeza kuti sindikudziwa. Ndinkakumbukira kulemera kwake kumsana, fungo la pamutu pake, kulira kwake kosasa mawu masiku omaliza, koma nsidze ayi. Bambowo anandikhazika pafupi ndi zenera, n'kundiuza kuti ndiyang'ane khoma. Anandiyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali akulembalemba papepala.

Nditabweranso anandipatsa chithunzi chokulungidwa m'pepala lakhaki. Kumbuyo kwa mwana kunali kotuwa, kopanda nsalu, kopanda ine. Nkhope inali yosalala, zilonda za m'milomo zimene anali nazo kale panalibe, maso ali gwa, akuyang'ana molimba ngati munthu wamkulu. Chakale chija anati anachitentha. Ndinathokoza, ndipo ndinalira njira yonse mpaka ku Kaporo.

Amuna anga anachitenga n'kupita nacho pakhomo pamene pankawala. Anachiyang'ana osaphethira.

"Uyu si mwana wanga. Awa ndi maso ako," anatero. "Chenicheni chija chili kuti?"

Ndinawauza motsitsa mawu, poopa makoma a nyumba za aphunzitsi. Sanakalipe. Anachiika patebulo chafufumimba n'kutuluka kupita kumunda wa mpunga. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya mwanayo sitinaikambenso m'nyumba mwathu, mpaka iwo kumwalira.

Chithunzicho ndinatumiza ku Thyolo. Mayi anachipachika pabalaza, ndipo mlendo aliyense ankamuuza kuti mdzukulu wawo anatengera amake. Chaka chotsatira anatisamutsira ku Dedza. Tisananyamuke ndinapita kumanda ndekha kukazula udzu, ndipo mayi wina wa pamudzipo, amene tinkamvana ndi manja okha, anandisonyeza kuti azisesapo. Sindinabwerereko.