Anandivundukula Shuga Atatsika

Anzanga, Nedson ndinakumana naye chifukwa cha filiji.

Ndinali nditangobwerera kwathu ku Nsaru, yunivesite nditaisiyira pa second year. Matenda a shuga anandigwetsa pakati pa mayeso, ndipo ndinafika kumudzi nditaonda ngati mpini wa khasu. Anthu apamsika sanavutike n'kufunsa. Anangogamula okha kuti kukoleji ndatengako kachilombo.

Kuchipatala anandipatsa insulini, wodzibaya m'mawa ndi madzulo. Mankhwalawa safuna kutentha, ndipo kwathu kulibe magetsi. Choncho ndinalowa m'golosale ina yomwe inali ndi filiji, kabotolo kali m'manja.

"Achimwene, mungandisungire aka?"

"N'chiyani? Poizoni wa chibwenzi?"

"Anyamata akuno sindingawawonongere poizoni."

Anaseka mpaka kugwira kauntala. Ameneyo anali Nedson, mwini golosaleyo.

Chikondi chinayambira pamenepo. Matenda anga anawaphunzira kuposa mayi anga ondibala. Tsiku lina tili ku Namitete shuga anatsika, monga amachitira munthu ukabaya koma osadya bwino. Ndinayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndikuyankhula ngati chidakwa. Iye anathamanga kukagula Fanta, n'kundimwetsa yekha atandigwira mutu.

"Usaope Tisiyenji, ine ndilipo."

Ndinakhulupirira. Ine amene ndinkatsutsa malekichala m'kalasi, ndinakhulupirira wogulitsa sopo.

Atandifunsira banja anawonjezera kamawu.

"Koma babe, azakhali anga a Selina ndi ovuta. Za jakisoniyu tisawauze kaye. Komanso uyesetse kunenepako... ayamba kale kufunsa za kuondaku."

"Ndine nkhumba yoti mukagulitse ku Msundwe, eti?"

"Iwe, ndikungofuna akulandire."

Ndinadya, anzanga, koma thupi linkabwera mwaulesi. Adokotala anandiwonjezera mlingo wa insulini n'kundichenjeza kuti ndikabaya ndisamachedwe kudya.

Tsiku la chinkhoswe ndinabaya m'mawa, ndinamwa phala. Mwambo unayenera kuyamba dzuwa lisanafike paliwombo, koma akuchimuna ochokera ku Kabudula anafika litapendeka kale. Nthawi yonseyo ndinali nditatsekeredwa m'chipinda ndi alangizi akutchalitchi, omwe za matenda anga sankazidziwa chifukwa tinkabisa. Mayi anali kuseri, kumapoto.

"Amayi, ndipatseniko kanthu kodya," ndinapempha mmodzi wa alangiziwo.

"Mkwatibwi amadya alendo asanadye? Pirira mwana wanga, banja ndi kupirira."

Mwambo mukuudziwa. Amatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu mutu wonse, akuchimuna azivundukula kufuna mkazi wawo, akapeza wolakwika anthu aziseka. A Selina ndiwo ankavundukula, ndipo sankafulumira. Ankavina, kuzungulira, kubwerera m'mbuyo, kuti anthu aone zovala zawo.

Ine ndinali womaliza. M'kati mwa nsalu muja manja anayamba kunjenjemera. Nyimbo inkamveka ngati ikuchokera kuchitsime.

Atandivundukula, akuti zodzola zonse zinali zitasungunuka ndi thukuta, maso ali pena.

"Iii, kodi mpongoziyu wamwa?" anatero a Selina.

Akuti ndinawayankha kuti achotse manja awo onunkha fodyawo. Sindikukumbukira, koma sindikukana. Kenako ndinadzandira n'kugwa pamphasa, pamaso pa mafuko awiri.

Nedson anali pampando wapatsogolo, atavala malaya ofanana ndi diresi langa. Patebulo pake panali mabotolo a zakumwa. Zizindikiro ankazidziwa zonse. Sanadzuke.

Mayi ndiwo anabwera akuthamanga, shuga wa m'paketi ali kumanja, n'kuyamba kundipaka m'nkhama.

"Sanaledzere mwana wanga, ndi matenda a shuga! A Nedson, auzenitu anthuwa."

Nzeru zinkabwerera pang'onopang'ono. Maso anali asanatseguke bwino koma makutu ankamva.

"Nedson, izi umazidziwa iwe?" anafunsa a Selina.



"Ayi azakhali. Nanenso ndikuzimva lero."

Anzanga, jakisoni ndimadzibaya tsiku lililonse pamimba ndi pantchafu, koma palibe singano inandilowa ngati mawu amenewo.

A Selina anamanga nsalu yawo m'chiuno.

"Ndinanena ine kuti kuonda kumeneku kuli ndi mwini wake. Mumafuna kutipatsira wodwala wanu kuti tikamusamalire ife?"

Malume anga anayesa kuyankhula, koma akuchimuna anali atanyamuka kale. Anapita osadya, tambala yemwe anabwera naye atamupanira m'khwapa. Nedson anakwera lole limodzi nawo osacheuka.

Mawa lake uthenga unafika pafoni.

"Sorry Tisi, abale akana. Akuti mkazi wa majakisoni sangabereke. Undimvetse."

Ndinamuimbira.

"Nedson, adokotala anandiuza kuti kubereka ndingabereke. Koma iwe ndani anakuuza kuti ndiwe mwamuna?"

"Usanditukwane. Ukanangodya mokwanira m'mawa zonsezi sizikanachitika."

"Ukanangodzuka pampando."

Anadula foni.

Chaka chisanathe anakwatira mtsikana wa kwawo ku Kabudula, wonenepa bwino, wosankhidwa ndi a Selina. Ndinamva kuti pachinkhoswe chawo palibe anagwa. Ndikuwafunira zabwino zochepa.

Ine ndikadali moyo, ndikubayabe, ndipo ndikamva njala ndimadya pamaso pa aliyense, kaya ndi m'tchalitchi.

Anzanga, mwamuna akakupemphani kuti mubise matenda anu kwa abale ake, musaganize kuti akukutetezani. Akukonza pothawira tsiku limene mudzagwe.