Mafunde Pamwamba pa Phiri Lathu

Chaka chimene bambo a mwana anapita kokumba golide kufupi ndi Fingoe, anandisiyira mtedza wambewu basiya imodzi yokha, beseni limodzi basi. Ndikanaubzala mvula n'kunama, ukanapsera m'nthaka, ndipo wina ndinalibe.

M'mawa wina, mvula tikuidikira, ndinatuluka mwana ali kumsana, n'kungoima pakhomo. Kuseri kwa phiri lathu mitambo inali itandanda mizeremizere, yofiirira kunsi, yopindika ngati mafunde, kuchokera paphiri mpaka polekezera maso. Mphepo inkawomba ndithu, nsalu yanga ya kapulana ikukupiza, koma mizereyo osasuntha. Mwana analoza ndi kachala, ine kukamwa yasa.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anatulukira khasu lili paphewa.

"Mlamu, kumwamba aunga kale mizere, inu mukudikira chiyani? Mvula imeneyo! Kapena mtedzawo mukufuna kukazinga?"

"Ndiyambe ndachapa matewera," ndinatero, mtima uli pawiri.

Kumtsinje madzi anali atachepa. Pamene ndimachapira pali mwala womira umene madzi amaudumpha. Tsikulo ndinaona kuti akaudutsa amakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Madzi ankapita, koma timafundeto tili pomwepo. Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ananso pamwala. Ndiye kuti mphepo nayo imadumpha phiri lathu ngati madziwa, ndipo pamene yakwera m'pamene pagwira mtambo. Chimtsinje chonsecho chikuyenda pamwamba pa mitu yathu, ife osachiona!

Mvula imene ndimaidziwa ine imadza ndi mitambo yotukumuka ngati chulu, yakuda bii kunsi. Iyi inali yopyapyala. Basiya ndinaisiya kuchipinda osaikhudza.

Dzuwa litakwera mizere ija inazimirira, mvula osagwa. Mlamu anapitiriza kundiseka, nane mumtima ndinkaopa kuti mwina ndachedwadi. Mvula yeniyeni itagwa ndinabzala, mtedza n'kumera wonse.

Amuna anga atabwerako titakolola, ndinawafotokozera za mafunde a kumwamba aja. Iwo anatulutsa telefoni n'kundionetsa kanema wa kuwala kobiriwira kwa kumayiko ozizira, kukupindikapindika mlengalenga ngati nsalu yoyanika pachingwe. Akuti zimene dzuwa limalavula zikagunda mpweya wakumwamba kwenikweni, umayaka chotero.

"Tabwezeraninso, bambo ake," ndinatero, manja ali m'basiya ndikusenda mtedza wa mbewu ija.