Tsiku Limene Anagawana Sitima ya Bambo Anga

Ndikukumbukira aliyense amene analipo tsiku limenelo, ndipo ndiwatchula, chifukwa ambiri a iwo anatsogola kale. Panali mayi anga, atakhala pansi pamkeka, mutu wometa ataufunditsa mpango wakuda. Panali bambo anga aang'ono, a Lufeyo, mng'ono wawo wa malemu bambo, amene anachokera ku Balaka atavala jekete yobwereka. Panali a Chirwa, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera mapemphero a Amalawi a mu Nairobi, munthu wa muofesi, wa magalasi. Panali Mama Atieno, Mkenya wa khomo loyandikana ndi lathu, amene Chichewa sankamva koma anabwera ndi ketulo ya tiyi n'kukhala nafe. Panali mlongo wanga Esinati, kamwana. Ndiye ine, Fanuelo, mwana woyamba, wa zaka khumi ndi ziwiri. Nyumba yake inali ya ku Umoja, dera lina la mu Nairobi, nthawi imene makoma a kumeneko anali akadanunkha simenti, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindibisa. Koma nkhani iyi ndikulemba ndekha ndi dzanja langa, wondithandiza sindimufuna.

Bambo anga anali dalaivala wa bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri. Ankatenga mabwana ku Hurlingham ndi ku Kilimani kupita nawo kuofesi. Koma galimoto kwa iwo inali ntchito chabe. Mtima wawo unali pa sitima. Ali mnyamata anagwirako ntchito yapanjanji ku Limbe, ndipo fungo la malasha silinawachoke m'mphuno mpaka imfa.

Tsiku lina mzungu wina wobwerera kwawo anayala katundu wake pabwalo n'kumagulitsa, bambo anabwerako ndi katoni. Munali kainjini kakuda, kotalika ngati chikhatho changa cha lerochi, mabogi awiri, tinjanji topindika, ndi kabokosi kolemera kachitsulo kolumikiza kumagetsi. Mayi anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"Bambo a Fanuelo, ndevu zonsezi mwakagula zidole?"

"Chidole n'chiti apa, mayi? Uwu ndi ulendo wakwathu."

Anapeza chitseko chakale n'kuchigoneka pamigolo iwiri m'chipinda chimene ndinkagona ine, moti ndinkagona kunsi kwa sitima. Pakatoni paja panali chithunzi cha mapiri obiriwira a ku Mangalande, ng'ombe zonenepa ndi tchalitchi chosongoka. Bambo anachiyang'ana n'kuseka. Anati, "Ine ndimange Mangalande? Ndinakabadwira kumeneko?" Anamanga kwathu. Phiri analipanga ndi waya wa khola la nkhuku, n'kulimata ndi nyuzipepala zoviika m'phala la ufa wa tirigu. Mlatho wa pa Shire anaumanga ndi masipoko a njinga, madzi ake linali galasi losweka la galimoto lopakidwa penti kunsi. Mlambe anaupota ndi chingwe cha khonje. Udzu unali utuchi, ndipo sanaupake wobiriwira ayi, anaunyika m'masamba a tiyi kuti ufiire ngati wa mu Okutobala. Pasiteshoni ya Balaka, yomangidwa ndi katoni ya nsapato, anaumbapo tiamayi tadothi togulitsa malonda, malichero ake zinali zitsekerero za mabotolo.

Ntchito imeneyi inatenga zaka. Bogi lina ankalipeza m'sitolo ya mmwenye wina m'tauni, lina pa katundu wa azungu osamuka, lina lopanda tayala n'kudzalikonza okha. Mabogi anakwana asanu ndi limodzi. Akapeza latsopano ankalinyamula m'thumba la malaya mu matatu, minibasi ya kumeneko, ulendo wonse, dzanja lili pachifuwa ngati akuopa kuti lithawa.

Ntchito yanga inali yopukuta njanji. Anandiphunzitsa kuti sitima yoteroyo ilibe moyo mwa iyo yokha. Moto umachoka m'kabokosi kaja, n'kuyenda m'njanji, n'kukwera m'matayala a injini. Fumbi la ku Umoja likangogwera panjanji, sitima inkaima panjira. Ndiye ndinkatenga kansanza konyowetsa ndi sipiriti n'kumatsata njanji yonse ndi chala, kudutsa pamlatho, kulowa kuseri kwa phiri. Mpaka lero fungo la sipiriti limandibwezera m'chipinda chimenecho.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, bambo ankavula jekete, n'kuima kumutu kwa chitseko, n'kupotokola kabokosi. Ndiye kufuula! "Limbe! Amene mukupita ku Salima kwerani! Lirangwe! Utale! Balaka, Balaka, amayi a nkhuku inu tsikani!" Anthu a makomo oyandikana ankamva. Mawu aakulu ndili nawowa, amene adzukulu anga amati amadzutsa agalu, ndinatengera kumeneko, ndipo sindichita nawo manyazi. Ine ku Malawi ndinachokako ndili kumsana. Dziko lakwathu ndinalidziwira pachitseko chimenecho.

Bambo anadwala masiku ochepa chabe. Thupi linapita pandege, mayi anaperekeza, ife ana tinatsala kwa Mama Atieno. Manda awo sindinawaone mpaka udzu utamerapo. Mwambo wa kumudzi utatha, mayi anabwerera pamodzi ndi a Lufeyo kudzatseka nyumba ndi kudzatitenga, pakuti wotisunga mu Nairobi panalibenso.

Kwathu mwamuna akamwalira, katundu wake amakambirana ndi abale ake, makamaka alongo ake ndi ana awo. Mkazi wamasiye amakhala chete, amalandira chimene apatsidwa. A Lufeyo anatumidwa ndi azakhali anga atatu, ndipo sanali munthu wankhanza. Makina osokera anati ndi a mayi. Ziwiya anati ndi za mayi. Suti, nsapato ndi wayilesi anaika pambali kuti zipite kumudzi. A Chirwa ankangogwedeza mutu. Zonse zinayenda mwaulemu mpaka tinafika m'chipinda changa.

A Lufeyo anaima pakhomo n'kuyang'ana sitima ija. Kenaka anati, "Alamu, ichi ndiye chimene achimwene ankatilembera m'makalata chija?"

Mayi anayankha ali chiweramire, "N'chomwecho, alamu."

A Chirwa anakonza magalasi n'kunena kuti chitsekocho sichingakwere ndege kapena basi. Anati akudziwa mzungu wina kuofesi amene angagule chonsecho chili chathunthu.

"Ayi, a Chirwa," anatero a Lufeyo. "Inu mwakhalitsa kuno. Chimene munthu wapanga ndi manja ake sitigulitsa kwa mlendo ngati mbuzi. Kumudzi akandifunsa ndikati chiyani? Ndikati thukuta la achimwene lili m'nyumba ya mzungu?"

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaganiza kuti ali mbali yanga. Koma anapitiriza, akuwerenga mabogi ndi chala. "Alongo alipo atatu. Aliyense alandira awiri, asadzati tinamumana."

Pamenepo ndinafuula, ndipo ndikamati kufuula mundimvetse. "Sagawa imeneyo! Mukagawa siyendanso!"

Mayi anandikoka kabudula. "Fanuelo, akuluakulu akulankhula."

"Mulekeni, alamu," anatero a Lufeyo. "Mawu ngati a bambo ake. Nena, mwana wanga."

Ndinafotokoza zonse, za moto wochoka m'kabokosi, za njanji, za matayala. Ndinati bogi palokha ndi kachitini chabe. Ndinaona kuti sakumvetsa, ndiye ndinati, "Abambo, mungoiona kaye ikuyenda."

Anavomera. Ndinapukuta njanji, ndinaimika injini ndi mabogi ake, ndinapita kumutu kwa chitseko pamene ankaima bambo. Onse anadzazana m'kachipindako, Mama Atieno atanyamula Esinati. Ndinapotokola kabokosi. Kainjini kanalira pang'ono n'kunyamuka.

"Limbe!" ndinatero. Mawu anatuluka osweka, koma ndinawakankha. "Lirangwe! Utale!"

Sitima inawoloka mlatho, matayala akugogoda pamasipoko paja. Inabisala kuseri kwa phiri n'kutulukira pamlambe. Ndisanatchule siteshoni yotsatira, a Lufeyo anagwada pansi, jekete yobwereka ija ikukhudza fumbi, nkhope pafupi ndi tiamayi tadothi.

"Pa Balaka apa," anatero motsitsa mawu. "Mlambe uwu ndi wa panjira yakwathu. Amayi athu ankagulitsa chinangwa apa, pompano. Achimwene inu! Mpaka lichero mwaikapo?"

Analira bambo ameneyo, kulira kwa mwamuna kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Mayi analira. Mama Atieno, wosamva kalikonse, ankangoti "pole, pole," pepani wa kwawo, misozi ili mbwembwembwe. Sitima inkangozungulira. Ine mumtima ndinati basi, ndapambana, sitima yapulumuka.

A Lufeyo anapukuta nkhope ndi mkono n'kudzuka. Anandigwira paphewa.

"Wachita bwino kundionetsa, mwana wanga. Ndimayesa ndi zidole. Tsopano ndaona kuti mtima wa achimwene uli apa. Ndiye ndingamane bwanji alongo awo? Aliyense agwireko."

Kundimenya kukanakhala bwino. Chimene ndinachita kuti ndiipulumutse n'chimene chinaimaliza.

Njanji anazizula ndi mpeni wa kukhitchini, timisomali tikuthethekera pansi, n'kuzimanga ndi mphira ngati kamtolo ka nkhuni, zoti ana a azakhali akagawane. Mabogi anawakulunga awiriawiri m'nyuzipepala. Kabokosi ka magetsi anakayesa kulemera m'dzanja n'kunena kuti kameneko asunga iwo, ngakhale kumudzi kwawo magetsi kunalibe. Pomaliza anatenga injini ndi manja awiri, monga mmene amaperekera chinthu kwa munthu wamkulu.

"Mutu ndi wako, Fanuelo. Iwe ndiwe mutu wa nyumba ya bambo ako."

Iwo anaona ngati andilemekeza, ndipo pamwambo wathu anandilemekezadi. Ndinalandira osathokoza.

Phiri, mlatho ndi mlambe zinakanirira pachitseko. A Lufeyo ndi a Chirwa anachinyamula n'kukachitsamiritsa kuseri kwa nyumba. Ana a ku Umoja anathyola tiamayi tija n'kumaseweretsa. Tisananyamuke kunagwa mvula, ndipo ndinaona pawindo phiri lija likufewa, nyuzipepala zikusendeka, mpaka unatsala waya wa nkhuku wokha.

Tinakakhala kumudzi kwa mayi, tsidya lino la mtsinje, azakhali ali tsidya linalo. Sukulu inathera pomwepo, ndinayamba khasu, kenaka ntchito ya m'chigayo, mpaka ndinagula changa chimene chadyetsa ana anga onse. Mlambe weniweni uja ndinauona, ndipo ndikuuzani zoona, wa bambo anga unali wokongola kuposa umenewo. Njanji zija asuweni anga anapangira tigalimoto tawaya. Kabokosi ka magetsi ndinakapeza kakutchinjiriza chitseko cha a Lufeyo kuti chisamenyeke ndi mphepo. Azakhali aakulu anandiitana tsiku lina, natsegula sutikesi, natulutsa mabogi awo awiri okulungidwa m'chitenje chatsopano. Anawasisita n'kumati, "Achimwene anga awa." Ine ndinayang'ana kumbali n'kutsanzika. Kumeneko sindinapondekonso kawirikawiri. Injini ili m'kabati mwanga mpaka lero, sinayendepo chiyambire tsiku lija.

Chimene ndikudziwa tsopano, imvi zitadzaza mutu, n'chakuti a Lufeyo sanali wakuba. Anagawa chifukwa chokonda m'bale wawo, ndipo mwambo umenewo wapukuta misozi ya anthu ambiri. Koma mwambowo unapangidwira mbuzi, makasu ndi nsalu, zinthu zoti ukagawa chilichonse chimakhalabe ndi ntchito. Pali zinthu zina zoti ukazigawa, aliyense amapita ndi mtembo wake. Ndipo mwini wake akafuna kuti zisaphwasuke, anene ali moyo, pamaso pa onse, chifukwa mwana wamasiye ngakhale afuule bwanji, mawu ake salemera.

N'chifukwa chake chaka chatha, nditatuluka m'chipatala, ndinaitana ana anga ndi ana a mlongo wanga Esinati. Ndinawakhazika pakhonde la chigayo, ndinaika kainjini kaja patebulo, ndinawafotokozera nkhani yonseyi. Kenaka ndinamenya tebulo. Ndinati chigayo ichi wina asadzatenge injini, wina lamba, wina sikelo. Chidzagaye chili chathunthu, ufa wake ndiwo muzidzagawana. Anthu odzagayitsa panja anamva, ndipo ndinafuna kuti amve.

Onse atabalalika anatsala Limbani, mwana wanga wachiwiri, wofatsa uja, amene sanatengere mawu anga. Anali atanyamula kainjini, akuzunguza matayala ake ndi chala. Sanandiyang'ane kumaso.

"Bambo, za chigayo tamva, sitidzagawa. Koma mabogi aja onse alipo, ali tsidya la mtsinje uko, ulendo wa panjinga. Zaka zonsezi, munakapemphako ngakhale kamodzi?"