Chibwibwi si Chimfine

Mumsewu monsemo ankawatchula kuti a Chidendene, chifukwa ntchito yawo inali yosoka nsapato, ndipo chidendene chikadyeka panalibe wina wochibwezera bwino ngati iwo. Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kanapanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya utoto. Munali benchi, phazi lachitsulo lokhomerapo misomali, chitini cha guluu ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale. Manja anali nawo abwino bambowa, koma lilime ndi limene linkawalaka. Anali ndi chibwibwi, ndipo osati chamasewera ayi. Liwu likawakanirira pakhosi ankatsinzina, phazi likugunda pansi, thukuta kamukamu, ngati munthu wokankha galimoto yokana kulira.

Sukulu anaisiya msanga. Akangoimirira kuti awerenge mokweza, anzawo ankafa nalo phwete, ndiye anaphunzira akadali wamng'ono kuti pakamwa potseka sipasekedwa.

Anakwatira mayi wina wofatsa amene ankachapa ndi kusita zovala pahotela. Mwana wawo wamkazi atabadwa, azakhali awo a Chidendene anabwera kudzaona khanda. Analinyamula, analiyamikira mphuno, kenako anakokera a Chidendene pakhonde.

"Mwana wanga, ndikutsine khutu," anatero azakhaliwo. "Mwana amatola zimene wamva. Lilime lakoli ukamalitambasula pamaso pake, alitengera. Ukufuna nayenso azidzasekedwa ngati iwe?"

Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa anagonera ndithu, koma m'malo mokoma anasasa. A Chidendene analumbira mumtima kuti mwana wawo sadzamva chibwibwi chawo ngakhale kamodzi.

Tsono mayi ake ankalawirira kuntchito n'kubwerako dzuwa litapendeka, choncho mwanayo anakulira m'kachipinda ka nsapato kaja. Poyamba ankagona m'katoni pansi pa benchi, kenako anayamba kukwawira pamulu wa nsapato n'kumasolola zingwe, mpaka wometa tsitsi anamupatsa dzina loti Kachingwe. Bambo ake ankamukonda koopsa. Ankamupukuta mamina, kumudyetsa, kumuingitsira ntchentche akagona. Koma liwu, ng'o. Akagogoda benchi ndiye kuti bwera. Akakweza chala ndiye kuti siya. Pa zidutswa za chikopa ankamudulira tinyama, kagalu, kambalame, kansomba, n'kumuika m'manja mwakachetechete. Mwanayo ankakweza kagaluko n'kuwayang'ana pakamwa, kudikira. Liwu loti "galu" linkafika mpaka kumano, iwo n'kulimeza, n'kuweramira nsapato.

Ana anzake atayamba kulongolola, Kachingwe ankangoloza ndi chala. Akafuna madzi ankagogoda tebulo. Mayi ake mtima unakana kukhala m'malo, ndiye anapita naye kuchipatala. Namwino anamuyeza makutu, anapeza kuti akumva bwinobwino, n'kuwauza zochita: azimulankhula nthawi zonse, abise supuni pansi pa nsalu n'kumufunsa kuti ili kuti, pomusambitsa azitchula mphuno, khutu, bondo, ndipo poimba nyimbo aziimira pakati kuti mwanayo amalize yekha.

"Bambo a Kachingwe," anatero mayiwo atafika kunyumba, "akuti tizimulankhula. Ndipo amene mumakhala naye tsiku lonse ndinu."

"I-i-ine ayi. Ndi-ndimuwononga."

"Nanga panopa sakuwonongeka? M'mera m'poyamba, bambo."

Anawachonderera, anakwiya, analira, koma kunali kulankhula ndi mwala. Munthu akamalakwa chifukwa cha chikondi ndiye wovuta kumubweza. Mapeto ake mwanayo anamupezera malo kusukulu ya mkaka, ndipo mayi ake akabwera kuntchito, mapazi atatupa ndi kuimirira, ankakhala pansi n'kuyamba zobisa supuni ndi zoimba nyimbo zija. A Chidendene ankakhala kuseri kwa chitseko, akupukuta nsapato yowala kale, khutu lili konko. Nyimbo zonse anaziloweza. Mwana akalephera kupeza supuni, iwo mtima unkachita kudumpha, koma sanatulukepo kuseriko.

Kachingwe analankhula, ndipo analankhula mosalala, popanda kukodwa paliponse. Mukuganiza kuti bambo ake anazindikira kulakwa kwawo? Ayi ndithu. Iwo anati azakhali aja ananena zoona, mwana wapulumuka.

Mtsikanayo anakula ali cholongolola. Ankacheza ndi wometa tsitsi, ankaseka ndi mayi wogulitsa utoto, ankafunsa makasitomala mafunso mpaka kuwatopetsa. Koma akangoponda pakhomo pa kachipinda ka bambo ake, pakamwa pankatsekeka pokha. Ulemu ankawapatsa wonse. Atayamba ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala anawagulira jekete ndi magalasi a maso. Koma nkhani pakati pawo inali "Mwadzuka bwanji, ababa?" basi, iwo n'kugwedeza mutu. Akaimba foni n'kupeza kuti ayankha ndi iwo, ankangoti, "Apatseni amayi." Zinkawawawa a Chidendene, koma ankadzitonthoza kuti mwana wawo sasekedwa ndi munthu.

Mkazi wa a Chidendene anadwala n'kumwalira Kachingwe atakwatiwa kale, ali ndi mwana wamwamuna woyamba kumene kuyenda. Wolera mwanayo masana anasowa, ndiye Kachingwe anayamba kumusiya kwa agogo ake m'mawa n'kudzamutenga akaweruka. A Chidendene, imvi zili mbuu, anayambanso zomwe zija: kugogoda benchi ndi kukweza chala.

Tsiku lina kunabwera mayi wina lamba wa nsapato yake ataduka, ndipo anakhala pabenchi kudikira kuti amusokere. Ntchito yake inali yothandiza ana ochedwa kulankhula kuchipatala. Anaona mdzukulu uja akukweza bulashi ya polishi, akuti "E? E?" kwinaku akuyang'ana agogo ake pakamwa.

"Agogo, bwanji simukumuyankha mwanayu? Akukufunsanitu."

A Chidendene anafuna kungomwetulira kuti zithe, koma mayiyo anawayang'anabe. Ndiye anafotokoza, movutikira, za chibwibwi chawo ndi za azakhali aja. Zinatenga nthawi, koma mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Agogo, chibwibwi si chimfine," anatero mofatsa. "Sichilowera m'khutu. Mwana woti adzakhala nacho, kukhala chete kwanu sikungamutchinjirize. Chimene mwana amafuna ndi munthu womuyankha, kaya mokodwa kaya mosalala. Muzisewera naye, muzimutchulira zinthu."

Mayiyo anavala nsapato yake n'kumapita. A Chidendene anatsala singano ili m'manja. Anaganiza za kamtsikana kaja kakukweza kagalu ka chikopa. Anaganiza za mkazi wawo atakhala pansi ndi mapazi otupa. Manyazi ndi chisoni zinawagwira pamodzi, moti tsiku limenelo sanasokenso kanthu. Madzi akatayika saoleka, koma mdzukulu anali pomwepo, bulashi idakali m'manja.

"Bu-bu-bu-bulashi," anatero.

Mwanayo anaseka, osati kuseka kwa m'kalasi kuja ayi, koma kwa munthu amene wapatsidwa chimene amapempha. "Ashi," anayankha.

Kuyambira pamenepo kachipindako kanasanduka bwalo lamasewera. Nsapato zoiwalika zija zinapeza ntchito: yaikulu inali bambo, ya chidendene chachitali mayi, kakang'ono mwana, ndipo zinkayenda pabenchi kupita kumsika. "I-ikupita kuti?" agogo ankafunsa, n'kudikira. Ankabisa chingwe m'chibakera kuti mdzukulu anene dzanja. Ankagogoda chitini, kenako phazi lachitsulo, mwanayo atatsinzina, kuti atchule chimene chalira. Ndipo nyimbo za malemu mkazi wawo zija zinatuluka zonse. Chodabwitsa n'chakuti poimba lilime silinkakodwa m'pang'ono pomwe, mawu awo ali aakulu, okoma.

"A Chidendene, mwagula wailesi kodi?" anafunsa wometa tsitsi atasuzumira. "Zaka zonsezi tinkayesa tikukhala ndi chithunzi."

Mdzukulu anayamba kulumikiza mawu. Koma Kachingwe akamabwera madzulo, agogowo ankakhala atatseka kale pakamwa. Ankafunitsitsa kumuuza zonse, ndipo ankayeserera mawuwo ali okha, koma akamuona pakhomo mtima unkawathawa. Ankati mawa.

Tsiku lina Kachingwe anaweruka msanga. Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa, ndipo palibe anamuona. Bambo ake anali chogwada pansi, nsapato m'manja onse awiri, akuimba mokweza. Anaimira pakati pa nyimbo, mwana n'kumaliza, onse awiri n'kugwa nako kuseka. Potembenuka, maso awo anakumana ndi a mwana wawo wamkazi.

"Ababa, kodi mumaimba?" anafunsa Kachingwe motsitsa mawu.

A Chidendene anagwedeza mutu kuvomera.

"Nyimbo ya amayi imeneyo. Ndiye kuti munkaidziwa nthawi yonse ija." Analoza ndi chala. "Ine ndinkakhala apa, pansi pa benchi yomweyi. Simunanditchulepo ngakhale dzina." Anayang'ana mwana wake, kenako bambo ake. "Ndinkadzifunsa kuti ndinakulakwirani chiyani. Lero ndaona. Munkafuna mwana wamwamuna."

A Chidendene anadzuka mofulumira, nsapato zikugwa. Anapukusa mutu mwamphamvu. Yankho linalipo, lalifupi, lokonzedwa kale.

"Ndi-ndi-ndi..."

Linakanirira. Anatsinzina, anagunda phazi pansi, anakoka mpweya n'kuyambanso. "Ndi-ndi..."

"Musadzivute, ababa," anatero Kachingwe, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikukwiya. Bola uyu mukumukonda."

Ananyamula mwana wake n'kutuluka. Basi inali itaima kale tsidya lina la msewu, ndipo anawoloka mothamanga. A Chidendene anamutsatira mpaka pakhonde, dzanja lili m'mwamba, nsagwada zikulimbana ndi liwu lija. Mdzukulu anawabayibitsa ali paphewa pa mayi ake. Chitseko cha basi chinatsekeka.

"Ndinkaopa," linatuluka tsopano liwulo, lathunthu, losakodwa paliponse.

Analimva ndi wometa tsitsi yekha, amene ankakutumula nsalu yake pakhonde, ndipo anafunsa kuti, "Munkaopa chiyani, akulu?"