Nsalu yobiriwira ya ku Seoul

Tinali manesi atatu pa wodi imodzi ku Scarborough, dera la mzinda wa Toronto ku Canada: ine, mnzanga wa ku Dedza, ndi mnzathu wa ku Korea amene anatiphunzitsa kuyenda pachipale osagwa chagada. Munali m'ma 1970, chakumapeto. Amayi a mnzathu wa ku Koreayo anali atamulembera makalata atatu, onse nkhani imodzi: bwerera kuno, kumeneko ukukhala ndi anthu opanda mwambo. Anatiuza mosabisa kuti akupita kukawaona, ndipo akakamuletsa kubwerera ku Canada sakawatsutsa. Anatipempha kuti timuperekeze, amayiwo akaone okha anthu amene amakhala nawo. Ine ndinavomera chifukwa cha mantha. Sindinkafuna kuona nyengo ina yozizira popanda iye.

M'ndege monse anatilangiza ngati anamwali. Nsapato zivulidwe pakhomo. Osayamba kudya akuluakulu asanayambe. Osaseka mokweza. Wa ku Dedza uja anandigunda ndi chigongono, amvekere, "Amwali, apa akunena inuyo."

Ku Seoul amayiwo anayenda nafe masiku atatu. Anali aafupi, tsitsi lomanga kumbuyo, osalankhulalankhula. Tinaona nyumba zakale za mafumu za madenga opindikira m'mwamba. Tinakwera phiri la pakati pa mzinda m'kabokosi koyenda pachingwe, wa ku Dedza atatsinzina uku akupemphera. M'misewu anthu ankatiyang'ana mpaka kukhota makosi. Koma ine maso amene ankandisowetsa mtendere anali a amayiwo, chifukwa sankaona nyumbazo ayi, ankaona ife.

Pachakudya ndiye tinadzichititsa manyazi. Anatiyalira timbale tambirimbiri ta ndiwo, kuphatikizapo kabichi wa tsabola wotulutsa misozi. Poopa kuoneka onyoza, tinkapukuta kambale kalikonse. Tikangomaliza, kena katera. "Mayo ine, tifera pompano!" anatero wa ku Dedza, thukuta lili kamukamu. Kenaka mnzathu anatinong'oneza kuti kumeneko kambale kakatha amadzazanso basi. Amayiwo sanamwetulire n'komwe, ndipo mtima wanga unangoti zii.

Tsiku lachitatu tinapita kumsika waukulu wa pafupi ndi chipata chakale cha mzindawo. Nsomba zouma, mapoto, nsapato, anthu ali piringupiringu ngati pamsika wa Limbe kumapeto kwa mwezi. Amayiwo anaima pa wogulitsa nsalu, anakangana naye kwa nthawi, kenaka anatembenuka n'kundipatsira nsalu yobiriwira.

Apa ndiulule kanthu. Mwezi wanga woyamba ku Toronto, sisitala wa pa wodi anandipatsa makiyi. Ndinapinda mawondo n'kulandira ndi manja awiri, iye anaseka n'kufunsa ngati miyendo ikundiwawa. Zinandipweteka kwambiri. Kuyambira tsikulo ndinadziphunzitsa kutsomphola zinthu ndi dzanja limodzi ngati anthu ena onse, ndipo ndinkayesa kuti ndinazolowera. Koma pamsika paja, nditatopa, dzanja la munthu wamkulu lili patsogolo panga, mawondo anapinda okha, manja onse awiri ali tambasu.

Amayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwana wawo ngati ndi iye anandiphunzitsa. Iye anapukusa mutu, poti anali ataiwala kutiuza kuti kwawonso amalandira ndi manja awiri. Anayamba kutimasulira.

"Akuti anakuphunzitsa ndani?"

"Amayi anga."

"Ali kuti?"

"Kumudzi, ku Malawi."

"Unawaona liti?"

Ndinawerenga pazala. "Patha zaka zisanu ndi ziwiri."

Amayiwo anandimenya pamkono, osati mosisita ayi, phaa! Analankhula mokalipa, mnzathu akumasulira misozi ili mbwembwembwe. "Akuti nsaluyi si yakonso. Ukawapatse amayi ako, ndi manja awiri omwewo."

M'mawa wa tsiku lonyamuka tinawapeza akulongedza okha sutikesi ya mwana wawo, akupanikizamo botolo la tsabola pakati pa malaya. Anamuuza kuti apite nafe, koma zisathe zaka ziwiri asanabwere. Mnzathu anamvera, sanaphonyepo.

Ine ndinabwerera naye ku Scarborough ndili wosangalala ngati ndapambana mlandu. Nsalu ija ndinaiika pansi pa sutikesi, n'kumati ndipita tchuthi chikakhala chachitali, ndipita ndikapeza tizovala ta abale onse, kuti ndisakafike chimanjamanja. Kalata ya achimwene anga inafika chaka chotsatira, maliro a amayi anga atapita kale. Nsaluyo ndikadali nayo, yopinda momwe anaipindira wogulitsa uja.