Fani Yosachira ya Mayi Mlangizi

Pa nyumba yophunzitsira za uinjiniya pa yunivesite, kumapeto kwa kolido yapansi, pakati pa chipinda chosungiramo mipando yothyoka ndi chimbudzi cha ogwira ntchito, panali ofesi ya Mayi Mlangizi. Pachitseko panali chikwangwani chonena kuti wophunzira aliyense amene ali ndi nkhawa afike momasuka. Chikwangwanicho ndicho chinkathamangitsa anthu. Mnyamata wophunzira kumanga milatho angalole kuti anzake amuone akuba malo m'chimbudzi cha ogwira ntchito, koma osati akutuluka pachitseko cholembedwa mawu akuti nkhawa.

Mayiwo anafika pa ofesiyo atasiya uphunzitsi wa ku sekondale n'kukaphunzira za uphungu. Chaka choyamba anachithera akupukuta tebulo loyera kale. Lamulo la ntchito yawo linali la mwambi uja wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: sankaloledwa kukakoka mwana m'kalasi, kapena kukanena kwa aphunzitsi zimene mwanayo sanawatume. Wophunzira akanena yekha kuti mutu wadzaza, iwo ankatha kumupemphera kwa akuluakulu kuti apume chaka n'kudzalemba mayeso atapeza bwino, malinga wanena mayesowo asanayambe. Akakhala chete, manja awonso anali omangika.

Chimene chinawapulumutsa ndi fani. Inali fani yakale ya patebulo, yachitsulo, yopindika khosi, imene tsiku lina lotentha inangoima. Mayiwo anakapempha thandizo ku Kalabu ya Okonzakonza, gulu la ophunzira limene linkakumana m'wekishopu masana ena, kumakonza maketulo, mawayilesi ndi mafoni a anzawo kuti manja azolowere zimene mitu inkaphunzira. Anabwera mnyamata wina, anatsegula faniyo kumbuyo, ndipo ali chiweramire, nkhope itabisika kuseri kwa mapiko, anayamba kulankhula. Anayambira pa waya womasuka, anakathera pa mayi ake amene anali gone kuchipatala. Atachoka, Mayi Mlangizi anaiyang'ana faniyo nthawi yaitali. Kenako anatulutsa m'dirowa mpeni wodulira buledi, anatsegula kumbuyo kuja, n'kumasulanso waya yemweyo.

Chilankhulo chimenechi sichinali chachilendo kwa iwo. Malemu amuna awo anali dalaivala wa lole, munthu amene sanayambe wanenapo kuti akudwala. Ankangoti, “Galimoto ija ikutsokomola masiku ano,” kapena, “Pachitunda ikufooka, kaya ifika nane kutali.” Mayi ankayankha za galimoto, mpaka pamene madokotala anapeza kuti chifuwa chinali cha dalaivala osati cha lole, madzi atafika kale m'khosi. Anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, ndiponso anatsala akudziwa kuti pali anthu amene sangatchule ululu wawo pokhapokha atayamba aubwereketsa kwa chitsulo.

Motero faniyo inakhala wodwala wamkulu wa pa nyumbayo. Inkafa pafupipafupi, makamaka mayeso akayandikira. Wophunzira ankangoti, “Ndikupita kufani,” atanyamula sikuludiraiva poonekera, ndipo panalibe womuseka, chifukwa kukonza chinthu si manyazi kwa injiniya. Atsikana, amene m'makalasi amenewo anali owerengeka ndipo ankaopa koposa kuti wina anganene kuti maphunzirowo awakulira, nawonso ankabwera ndi zida zawo. Ambiri ankadziwa kuti waya samasuka yekha mlungu ndi mlungu. Palibe anafunsa. Chinali chinsinsi cha gulu, ndipo aliyense ankachisunga podziwa kuti tsiku lina adzachifuna.

Kunyumba, mwana wawo uja, amene tsopano anali namwino, ankawaseka akamatsuka mbale.

“Amama, anthu amapita kuntchito kukakonza zinthu, inu mumapita kukawononga. Adzakumangani.”

“Iwe umabaya anthu jakisoni tsiku lonse. Wamangidwa kangati?”

M'chaka chimene tikunenachi, wapampando wa kalabu ija anali mnyamata wamtali wa chaka chachitatu, amene anzake ankamutcha Sipanala chifukwa panalibe bawuti yomukanika. Koma panali phunziro limodzi la masamu limene linamugwetsa kawiri, ndipo lamulo linali lakuti wogwa kachitatu alongedze katundu. Mayi Mlangizi sanazimve kwa iye. Nkhani zotere zimayenda zokha m'kolido. Ankadziwanso kuti bambo ake, okonza mawayilesi ndi mafani pamsika wa kwawo, anasiya kalekale kumuitana dzina lake. Ankangomuti Injiniya, ndipo makasitomala onse ankadziwa chaka chimene adzamalize.

Sipanala ndiye ankatumiza anzake kufani. Akaona kuti wina wayamba kuonda kapena kusowa m'kalasi, ankamuponyera sikuludiraiva n'kunena kuti, “Iwe, fani ya Mayi yafanso, tathamangira.” Iye mwini anafikako mochedwa, mayeso atatsala pang'ono.

“Odi, Mayi. Ndamva kuti wodwala wathu wakomokanso.”

“Lowani, adokotala. Wakomoka m'mawa, osatsanzika n'komwe.”

Anakhala pasimenti, fani pakati pa miyendo. Waya womasukayo anamuona nthawi yomweyo, koma sanamukhudze. Anayamba kupukuta mapiko, limodzi ndi limodzi, ngati munthu amene alibe kopita.

“Fani iyi, Mayi, vuto lake si waya,” anatero. “Yatopa. Mota yake inapangidwira chipinda chaching'ono. Mukaiika pamalo aakulu imazungulira ndithu, anthu n'kumati ikugwira ntchito, koma m'kati ikupsa.”

“Ndiye tiipumitse?”

“Fani yopuma ndi chitsulo chabe. Mwini wake anaigula kuti izizungulira.”

“Mwini wakeyo akudziwa kuti ikupsa?”

Sipanala anaseka, kuseka kwa pakamwa pokha. “Mwini wake anauza kale msika wonse kuti ali ndi fani yamphamvu.”

Apa Mayi anaona kuti mnyamatayo wafika pafupi, ndipo anakumbukira dalaivala wawo, amene anamuyankha za galimoto mpaka kumuika m'manda. Anachita chimene kawirikawiri sankachita msanga chotero: anasiya fani, n'kulankhula ndi munthu.

“Mwana wanga, njira ilipo. Ukanena wekha mayeso asanayambe, ndikakupemphera upume chaka. Si kuchotsedwa ayi. Malo ako amakudikira.”

Anaona msana wake ukuuma. Mnyamatayo anamanga waya uja, anabwezera chivindikiro, anayatsa. Mphepo inaulutsa mapepala patebulo.

“Ine ndabwerera fani, Mayi,” anatero mwaulemu, natuluka.

Masiku otsatira Mayi anamasula waya n'kutumiza uthenga ku kalabu kuti wodwala akufuna dokotala wamkulu. Kunkabwera ena. Akakumana naye m'kolido, Sipanala ankawapatsa moni wa manja awiri n'kupitirira. Iwo ankabwerera mu ofesi n'kumasinkhasinkha popanda yankho. Kwa amuna awo anachedwa kutchula munthu, ndipo anawataya. Kwa uyu anafulumira, ndipo anathawa. Pakati pa kuchedwa ndi kufulumira payenera kuti pali kamphindi koyenera, koma palibe buku la uphungu limene linawauza kuti kamphindiko kamadziwika bwanji. Kupita kwa aphunzitsi ake sakanatha. Akanatero, mwina akanapulumutsa mmodzi, koma ena onse akanadziwa kuti zonenedwa kufani zimatuluka.

Masana a tsiku loti mawa lake mayeso ayamba, Sipanala anabwera ndi bokosi lonse la zida. Sanachite nthabwala za wodwala. Anaiphwasula faniyo mpaka kutsala mafupa okhaokha, anachotsa waya wakale n'kuika watsopano, anamuwotcherera ndi mtovu, anathira mafuta m'malo ozungulira, anawongola khosi lopindika lija. Pomaliza anatseka kumbuyo ndi timisomali tokhomerera, tosamasuka ndi sikuludiraiva kapena mpeni. Atayatsa, faniyo inazungulira mwa phee, monga inkachitira ili yatsopano.

“Tsopano sidzakuvutaninso, Mayi.”

“Wakuuza ndani kuti imandivuta?”

“Palibe. Koma chinthu chikhale chamoyo kapena chakufa, osati kumangokomoka.”

Mayi anayesa kubwerera ku chilankhulo chimene anachisiya tsiku lija. “Nanga ija ya chipinda chaching'ono, yoti ikupsa m'kati? Tiitani?”

Anatseka bokosi lake pang'onopang'ono. “Imeneyo isiyeni. Izungulira mpaka pomwe ingathe.”

“Khala pansi, ndiike madzi a tiyi. Dzuwa likadalipo, ofesi ya akuluakulu sinatseke.”

“Ndikufulumira, Mayi. Mutsale bwino.”

Ophunzira onse potuluka mu ofesimo ankati “tionana.” Mayi anamva kusiyana kwake, koma anthu samangidwa miyendo chifukwa cha mawu otsanzikira.

Mayeso Sipanala analemba, ndipo masamu aja anamugwetsa kachitatu. Pamene anzake anabwerako kutchuthi, anapeza bedi lake lopanda zofunda ndiponso makiyi a wekishopu atapachikidwa pamsomali. Kwawo sanafike.

Faniyo inapitiriza kuzungulira. M'masabata oyamba a teremu yatsopano, mtsikana wina wa chaka choyamba anagogoda, sikuludiraiva ili m'manja, maso ali otupa. Atatsegula chitseko, mphepo inamuwomba kumaso.

“O, ikuyenda,” anatero.

“Lowa ndithu, mwana wanga.”

“Ayi, Mayi, ndimangoti mwina yafa.” Anabisa sikuludiraiva kumbuyo n'kubwerera.

Mayi anayesa kungoizimitsa, koma ophunzira a uinjiniya si ana; chinthu choyamba chimene amachita ndi kudina swichi. Anayesa mpeni wa buledi pa timisomali tija, mpeni unapindika. Kuimenyetsa pansi akanatha, koma nthawi iliyonse akaigwira, ankaona manja aja akuwongola khosi lake.

Tsiku lina masana kunabwera bambo wachikulire, atavala jekete lositidwa bwino, zala zili ndi zipsera za moto. Anadzitchula kuti ndi bambo ake a mnyamata wamtali wa kalabu yokonza zinthu. Anali atazungulira maofesi a pamwamba, kumene anawauza zonse mosapsatira. Mwanayo, anatero, anaimba foni kamodzi kwa mayi ake, kunena kuti ali bwino, akugwira ntchito kwinakwake, asamufunefune. Anzake a kalabu ndi amene anawalozera kuno.

“Akuti ankabwera kwa inu. Anakuuzani chiyani, Mayi?”

“Anandiuza za fani, bambo.”

Silinali bodza, ndipo sanawonjezere. Za mwini fani amene anauza msika wonse anazisunga, chifukwa mwanayo sanawatume.

Bambowo anatembenuka n'kuiyang'ana faniyo. Anaizimitsa, anaizondotsa pamaondo, anasuzumira pa timipata ta kumbuyo, ataloza kuwindo kuti aone bwino.

“Dzanja ili ndi lake,” anatero. “Amachulukitsa mtovu. Ndinkamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti powotcherera waya si pomangira nyumba. Samamva.” Chala chawo chinasisita khosi la fani. “Dzina lija la Injiniya ndinamupatsa ndine. Ndinkati ndikumuveka jekete. Kumsika akandifunsa kuti Injiniya ali bwanji, sindikudziwa kuti akufunsa za ndani.”

Mayi anawathirira tiyi. Atamwa pang'ono, anawafotokozera za waya womasuka ndi mpeni wa buledi, za ana amene amalowa ndi sikuludiraiva n'kutuluka atapepukidwa, ndi za mtsikana wa maso otupa amene anabwerera pakhomo. Kenako anapempha chimene sanayembekezere kuti adzapempha munthu wokonza zinthu.

“Inu ndinu a ntchito imeneyi. Simungandichotsere timisomaliti, kuti izitha kufanso?”

Bambowo anamvetsa, sanaseke. Anayang'ana timisomalito kamodzi ndi kamodzi.

“Kutha ndingathe. Mundibwerekere chobowolera ku wekishopu, si ntchito yochedwa.” Anaibwezera patebulo n'kudina swichi. Mphepo inagwedeza kolala ya jekete lawo. “Koma ndikupempheni, Mayi, isiyeni. Kuyambira m'mawa ndayenda maofesi onse pano, ndipo aliyense akundiuza zimene mwana wanga sanamalize. Ichi chokha ndicho ndapeza kuti anamaliza.”

Mayi anafuna kunena kuti ana enawo nawonso ali ndi makolo. Mawuwo anafika pamilomo, koma anayang'ana zala za zipsera zija zitagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuwameza.

“Ndamva, bambo. Ndiisiya.”

Anamaliza tiyi wawo pamphepo ya fani. Kenako bambowo anaimirira, anakonza jekete, anati, “Mutsale bwino,” natuluka.

Mayi anatsala okha, chitseko chili chotseka pang'ono. Dzuwa litapendeka anamva mapazi akubwera m'kolido, mapazi a munthu wosathamanga, ndi kulira kwa zitsulo m'thumba. Anafika pachitseko n'kuima. M'kati fani inali kung'ung'udza bwinobwino, mosadukiza. Mapaziwo anadikira pang'ono, kenako anapitirira, ndipo Mayi anamva chitseko cha chimbudzi cha ogwira ntchito chikutsekeka.