Mkulu Woyambitsa Kuwomba M'manja

M'katauni kena ku Minnesota muli mkulu wina, wapampando wa komiti ya okesitala, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kuyambitsa kuwomba m'manja. Nyimbo zazitali za gulu loimba ndi zidali zimakhala ndi zigawo, ndipo zikati zii pakati, mwambo wake sawombera. Poti palibe amene amadziwa pothera penipeni, holo yonse imangoyang'ana manja a mkuluyu. Amakonda kunena kuti, "Wowomba msanga ndi mbuli yovala tayi."

Tsiku lotsegulira makonsati a chaka chino, mavayolini atangopumira pang'ono, udzudzu unawazungulira mkulu aja pamphuno. Anapirira. Unabweranso. Phwa! Anaupha ndi manja awiri. Holo yonse inaimirira, m'manja ngati mvula pamalata. Wotsogolera oimba anacheuka, kandodo kali m'mwamba, nyimbo isanafike n'pakati pomwe.

"Bambo, mwatichititsa manyazi," ananong'ona akazi awo. "Tambasulani manjawo anthu aone."

Mkuluyu anafumbata mtembo wa udzudzuwo. "Chete, mayi. Nyimboyi imayenera kuthera pomwepa."

Mawa lake komiti inakumana n'kupeza kuti wolakwa ndi wopeka nyimboyo. Poti anamwalira kalekale, sanabwere kudzadziteteza.